Kodi ndi nyama ziti zimadya kakitasi, nanga kwawo n'kuti?

Wowerenga wina watitumizira imelo ataona vidiyo ya ngamila ikutafuna kakitasi, chomera chaminga chosunga madzi, ndi minga yomwe. Akufuna kudziwa ngati nyama za ku Sahara ndi ku Kalahari zimadalira chomerachi, komanso ngati angathe kudyetsa mbuzi zake.

Zikomo pofunsa. Kwawo kwa kakitasi si kuno ku Africa ayi. N'ku America, kuchokera kummwera kwa Canada mpaka ku Patagonia, kummwera kwenikweni kwa South America. Mtundu umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, ndi umene unalipo kale ku Africa, Madagascar ndi Sri Lanka, ndipo umenewo umalendewera m'mitengo ya m'nkhalango, osati m'chipululu. Uja waphanthiphanthi ngati chikhatho, Opuntia, amene ena amabzala ngati mpanda, anachita kubwera ndi anthu. Ngamila inangomupeza. Imakwanitsa kumudya chifukwa m'kamwa mwake muli timinofu tolimba, tosongoka, toloza kukhosi, timene timawongola minga kuti itsike chogona.

Eni ake enieni a chakudyachi ali kuchipululu cha Sonora, ku Arizona ndi kumpoto kwa Mexico. Chimene chimawakoka ndi madzi, poti tsamba la Opuntia pafupifupi 90 peresenti ndi madzi okhaokha. Koma minga si vuto lokhalo. M'kati muli asidi wotchedwa oxalic, amene akachuluka m'thupi amawononga impso. Ndiye nyama iliyonse ili ndi nzeru yake. Javelina, yooneka ngati kanguluwe, imangoluma tsamba lonse, ndipo impso zake zimatha kutulutsa asidiyo. Khoswe wotchedwa woodrat ndiye amatigometsa kwambiri: m'matumbo mwake muli tizilombo tophwanya asidiyo, moti amakhala nthawi yaitali osamwa madzi, kenaka n'kututa zidutswa za minga kukaunjika pakhomo pa chisa chake kuti adani asalowe. Akalulu amatetena pamene minga yatalikirana. Nkhosa zam'mapiri zimaswa kakitasi wonga mbiya ndi nyanga kapena ziboda n'kudya zam'kati.

Zina sizilimbana ndi minga n'komwe. Saguaro, kakitasi uja wamtali wokhala ngati wakweza manja, amene amatha kupitirira mamita 12, amachita maluwa mu Meyi ndi Juni. Maluwawo amatseguka usiku, mileme n'kumwa timadzi take, kukacha njiwa n'kumalizitsa. Zipatso zikapsa, chilichonse chimakhala ndi njere mpaka 2,000, ndipo mbalame ndi nkhandwe zimazimwaza. Kuzilumba za Galápagos, afulu akuluakulu ndi abuluzi a iguana amadyanso Opuntia. Iguana amatha kugubuduza chipatso ndi phazi pansi kuti minga ithothoke kaye.

Tsono pa mbuzi zanu. Inde zingadye Opuntia, ndipo alimi a ku Texas, Mexico ndi Brazil amapulumutsira ziweto pa chilala. Koma musazitayire masamba aminga. Timinga tating'onoting'ono tija, tooneka ngati ubweya, timakanirira m'milomo ndi palilime, pamatuluka zilonda, mbuzi n'kusiya kudya. Wawulani masambawo pamoto mpaka minga yonse ipse, aduleni tizidutswa, muyambe ndi pang'ono. Musawapereke okha. Madzi ndi ambiri koma zomanga thupi n'zochepa, choncho chiweto chimatsekula m'mimba n'kumawonda chikhalirecho chikukhuta. Sakanizani ndi udzu wouma kapena mapesi, muonjeze masamba a nandolo. Zotsala musataye padzala: tsamba limodzi likakhudza dothi limamera. Ku Australia chomerachi chinadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni, mpaka mu 1926 pamene anatulutsa kagulugufe ka Cactoblastis kochokera ku Argentina, kamene mbozi zake zimadya tsamba cham'kati.

Chonde onetsetsani kaye kuti chomera chanucho ndi kakitasidi. Zomera zambiri za kuno zofanana naye ndi abale a nkhadze. Chekani pang'ono ndi mpeni, nkhope itatalikira. Mukaona utomoni woyera ngati mkaka ukutuluka, chisiyeni, musambe m'manja ndi sopo musanagwire m'maso. Opuntia amatulutsa madzi oterera ngati therere, ndipo minga yake imatuluka pagulu pa timadontho taubweya.