Achimwene, helimeti yotseka nkhope tumani ya ku Joni, ya pakaunjika isiyeni

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwayamba kutsika ndi njinga m'tinjira ta m'mapiri a ku Chowe, mbali ya ku Namwera, ndipo helimeti yomwe muli nayo ndi ija yongophimba pamwamba pa mutu, chibwano chili pamtunda. Mukufuna yotseka nkhope yonse koma m'thumba simuli bwino, ndiye mwaima pa zitatu: ina mwaiona pakaunjika kumsika, ina ndi ya njinga yamoto ngati amavala a kabaza, apo ayi mutume msuweni wanu wa ku Joni akugulireni yatsopano. Ine ndikuti tumani msuweniyo, ngakhale mudikire miyezi iwiri mukutolera ndalama. Koma musamutume chimbulimbuli, chifukwa akhoza kukubweretserani yokongola imene idzangokhala pamsomali osavalidwa.

Ndiyambe ndi ya pakaunjika, poti ndi imene mtengo wake wakukopani. Chimene chimateteza mutu si chigoba chonyezimira chakunjacho ayi. Ndi chija chili mkatimo, chimene amachitcha EPS, chofanana ndi zoyera zija amatchingira TV kapena firiji m'katoni, kungoti ichi ndi chothinana kwambiri. Mutu ukamenya mwala, EPS imafinyika, ndipo kufinyikako ndi kumene kumachepetsa mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Ikafinyika kamodzi siibwereranso mwakale. Vuto ndi lakuti kunja helimetiyo imatha kuoneka yabwinobwino, utoto uli phuliphuli, pomwe mkati inasweka kale pa ngozi ya mwini wake woyamba. Wogulitsa pakaunjika sakukunamizani, iyenso sakudziwa, wangotsegula belo. Ndipo m'belomo katundu amapanikizidwa zolimba, ndiye ngakhale itakhala kuti sinagwepo ndi munthu, ulendo wokhawo ndi wokwanira kuiwononga. Jakete, nsapato, magolovesi, kabudula, zonsezi gulani pakaunjika mosaopa, mupulumutsepo ndalama. Helimeti yokha ikhale yatsopano.

Ya njinga yamoto nayonso ndikukanizani. Ambiri mwa mahelimeti otchipa amene ndawagwirapo m'mashopu a masipeyala kuno, ukachotsa nsalu yamkati upeza EPS yopyapyala, ndipo palibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti anayesedwa. Enieniwo, okhala ndi chizindikiro cha muyezo wa mahelimeti a njinga zamoto, ECE (wa ku Ulaya) kapena DOT (wa ku America), ndi abwino pa ntchito yawo, koma amalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka ndipo mabowo a mpweya ndi ochepa. Anawapangira munthu wokhala phee pa injini, mphepo ikumuomba. Inu mukupalasa ndi miyendo. Simudzafika ngakhale pakati pa chitunda musanaivule, ndipo potsika pa miyala khosi lidzatopa ndi kulemerako.

Tsopano mvetserani pa zimene msuweniyo ayang'ane. Mkati mwa helimeti iliyonse yeniyeni mumakhala sitika yolembedwa muyezo umene inayesedwa nawo ndi tsiku limene inapangidwa. Mukaona EN 1078, umenewo ndi muyezo wa ku Ulaya wa mahelimeti a njinga zakapalasa. CPSC ndi wa ku America. Yonse iwiri ndi yabwino, koma siyesa chotchinga kuchibwano chija. Tanthauzo lake ndi lakuti helimeti ikhoza kukhala ndi EN 1078, n'kukhala ndi chotchinga chibwano chongokongoletsa, chimene chidzapindikira kukamwa kwanu mukagwa chafufumimba. Muyezo umene mukuufuna ndi ASTM F1952. Umenewu anaukonzera anthu otsika mapiri ndi njinga: amamenyetsa helimeti mwamphamvu kuposa mmene amachitira pa CPSC, ndipo amayesanso chotchinga chibwanocho kuti aone ngati chikupindika mopitirira. Popeza chifukwa chonse chimene mukugulira yotseka nkhope ndi mano ndi nsagwada zanu, ine sindingapereke ndalama pa imene ilibe zilembo zimenezi. Muuzeni msuweni ajambule sitikayo akutumizireni pa WhatsApp asanalipire, kenako inu mulowe pa tsamba la kampani yopanga muone ngati mtundu umenewo alembadi kuti uli ndi ASTM F1952. Sitika aliyense akhoza kudinda. Pa intaneti padzaza mahelimeti olembedwa Fox kapena Troy Lee Designs ogulitsidwa pa mtengo wa nsapato, ndipo ndi achinyengo. Akagule m'shopu ya njinga yodziwika, atengenso lisiti.

Mitundu ilipo yambiri, koma pa thumba lanu ndingayambe kufunsa ya Leatt. Ndi kampani ya ku Cape Town, ndiye ku South Africa zinthu zawo sizisowa, ndipo mndandanda wawo wa Gravity umayambira pa mtengo wotsika. Bell Sanction ndi Fox Rampage nawonso ndi a gulu la oyamba kumene. Mahelimeti a gulu limeneli chigoba chake chimakhala cha pulasitiki yolimba, amalemera cha m'ma kilo imodzi, ndipo kunja mitengo yake imayambira cha m'ma 100 dollars. Dzina limodzi limatha kukhala ndi mitundu ya zaka zosiyana, wina uli ndi muyezo uja wina ulibe, ndiye dzina lokha lisakukwanireni, sitika ija ionedwe ndithu. Amene amapangidwa ndi carbon asiyeni kaye. Ndalama zowonjezerazo mumalipira kupepuka, koma muyezo wa chitetezo chake ndi womwewo. Njira ina yochepetsera mtengo ndi kufunsa ya chaka chatha kapena ya utoto umene anthu sanaukonde. Mashopu amatsitsa mitengo kuti achotse katundu wakale. Ya chaka chimodzi kapena ziwiri ili m'bokosi ilibe vuto. Makampani ambiri amalangiza kusintha helimeti pakatha zaka 3 mpaka 5 ikugwira ntchito, ndiye ikakhala kuti yagona m'shopu zaka zambiri, akane.

Pali chinthu china chimene anthu akunja akamalangizana sachiganizira kwambiri, koma kwa ife kuno ndi chachikulu: kutentha. Inu mukudziwa mmene Mangochi amakhalira mu Okutobala ndi Novembala, madigiri kupitirira 35, phula likuchita kunyezimira kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi. Helimeti yotseka nkhope ya mtengo wotsika imatentha, ndisakubisireni. Mpweya umene mukupuma umabwerera kumaso, thukuta limatsikira m'maso, masaya amanyowa. Ndiye posankha pakati pa awiri a mtengo wofanana, tengani wa mabowo akuluakulu kuchibwano ndi pachipumi, ngakhale utoto wake usakusangalatseni. Alipo ena opepuka kwambiri ndi opita mphepo bwino, monga Fox Proframe ndi Troy Lee Designs Stage, olemera cha m'ma 700 g, okhalanso ndi ASTM F1952. Amenewa ndiye oyenera nyengo yathu, koma mtengo wake umawirikiza kawiri kapena katatu. Msuweni akaupeza utatsitsidwa mtengo, musazengereze. Akapanda kuupeza, chitani chonchi: helimeti yanu yakale ija musaitaye. Pokwera chitunda cha ku Chowe pamsewu wa phula, pomwe mukupikisana ndi malole ndi maminibasi opita ku Chiponde, valani yakaleyo, yatsopanoyo muimangirire pachikwama kumsana. Mukafika pamwamba, pumani, imwani madzi, sinthani, kenako tsikani. Ndipo nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Mwina wina akuuzani za aja chibwano chake chimachotsedwa n'kubwezeretsedwa. Ganizo lake ndi labwino, helimeti imodzi ntchito ziwiri. Koma si onse ali ndi muyezo wa otsika mapiri. Bell Super DH ndi Giro Switchblade ali nawo, Bell Super 3R ilibe. Okhala nawowo ndi odula, ndipo popeza inu muli kale ndi ina yokwerera, sindikuona chifukwa cholipirira zimenezo.

Nkhani ya MIPS ndiifupikitsa. Ndi kachigoba kopyapyala mkati, kawirikawiri kachikasu, kochokera ku kampani ya ku Sweden, kamene kamalola mutu kutsetsereka pang'ono, 10 mpaka 15 mm, pamene wamenya pansi chammbali, kuti ubongo usapotozedwe mwamphamvu. Leatt ali ndi njira yawoyawo yotchedwa 360 Turbine. Ngati ndalama zowonjezera ndi zochepa, tengani yokhala nazo. Koma ngati mukusankha pakati pa ya MIPS yosakukwanani ndi yopanda MIPS yokukwanani bwino, tengani yokukwananiyo.

Kukwana kumeneku ndiye pamene pagona ngozi yotuma munthu, chifukwa simukhalapo kuti muyese. Pitani kwa telala aliyense pamsika mubwereke tepi yake. Izungulizeni mutu, idutse pafupifupi zala ziwiri pamwamba pa nsidze, pamwamba pa makutu, ndi kunkhongo pamene mutu watukuka kwambiri. Yezani tsitsi lili mmene mumakhalira nalo masiku onse; ngati mumameta mpala, yezani mutameta. Nambala ya masentimita imeneyo ndi imene mutumize, osati kungoti "medium", chifukwa M wa kampani ina ndi wosiyana ndi M wa kampani ina. Msuweni afananize nambalayo ndi tchati cha kampaniyo. Mukakhala pamalire a masaizi awiri, afunse ngati m'bokosimo muli masiponji a m'masaya a makulidwe awiri, chifukwa amenewo ndi amene amathandiza kukonza kukwana. Afunsenso ngati shopuyo imalola kusintha saizi, ndipo mapepala ndi bokosi musataye mpaka mutakhutira.

Ikafika, ivaleni musanamange lamba, mupukuse mutu uku ndi uku. Khungu la pachipumi liziyenda limodzi ndi helimeti. Ikamagwedera yokha mutu uli chiimire, yakula. Masaya azimva kufinyidwa pang'ono, osati mpaka kudziluma, ndipo musadandaule kuti yathina tsiku loyamba, masiponji amafewa pakapita masabata. Kenako mangani lamba, chala chimodzi kapena ziwiri zokha zizilowa pansi pa chibwano, ndiye kankhani chotchingacho ndi chikhatho molunjika kumaso. Chisakhudze mphuno kapena milomo. Gwiraninso kumbuyo muyese kuikokera kutsogolo ngati mukufuna kuivula, isatuluke. Mukatero khalani nayo pakhonde mphindi 20. Pakakhala malo amodzi pachipumi kapena m'mbali pamene payamba kuwawa, dziwani kuti paphiri padzawawa koposa, ndipo ndi bwino kuibweza isanakandike. Lamba wa timphete tiwiri tachitsulo, amene amati double D-ring, amavuta masiku oyamba koma ndi wodalirika, ndipo mchenga wathu wa kunyanja sumuwononga. Phunzirani kumulowetsa m'timphete tonse tiwiri n'kumubweza pa kamodzi, mpaka muzitha osayang'ana.

Pa kabweredwe kake, chonde muuzeni msuweni asaipereke ili m'jumbo kwa onyamula katundu. Mukudziwa mmene amapakirira ngolo za mabasi ochokera ku Joni, mafiriji, matumba ndi masutikesi pamwamba pa zinzake. Ikhale m'bokosi lake, ndipo ngati pali wachibale amene akubwera kumudzi, ainyamule pamanja. Muwerengeretu ndalama ya wonyamulayo ndi msonkho wa pachipata, kuti zisadzakudzidzimutseni. Pakatsala kangachepe, onjezani magalasi a lamba aja amati goggles. Magalasi wamba amakanikizidwa ndi helimeti m'mbali mwa makutu, ndipo fumbi la m'chilimwe potsika simungalipirire ndi maso okha. Ayesedwe ndi helimetiyo m'shopu momwemo, chifukwa si onse amalowa bwino pabowo la kumaso.

Kasamalidwe kake ndi kosavuta. Musaisiye padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata. Masiponji achotseni muwachape ndi sopo wamba, awume pamthunzi. Petulo, parafini ndi utoto zisayandikire, zimadya EPS. Ndipo tsiku limene mudzagwe mutu n'kumenyadi pansi, helimetiyo ntchito yake yatha, ngakhale ioneke yatsopano. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene watolera ndalama miyezi ingapo, n'chifukwa chakenso ndikukuletsani kugula yodula kwambiri koyamba. Gulani imene mtima ungalole kuitaya n'kugula ina.

Mukayamba kuivala mudzaona kuti makutu sakumva bwino ngati kale, ndipo mtima umalimba mopitirira luso. Tinjira ta ku Chowe si tathu tokha. Mumadutsa amayi atasenza nkhuni, ana, mbuzi, ndi anzathu a njinga za makala amene sangaime msanga. Pakona iliyonse yosaoneka kutsogolo chepetsani liwiro ndipo imbani belu. Musatsike nokha. Mnzanu amene mukuyenda naye adziwe kuti munthu akagwa n'kumadandaula khosi, kapena manja ndi miyendo zachita dzanzi, helimeti sitimuvula mokoka, timamusiya chigonere n'kuitana thandizo. Ndipo amene wamenya mutu, kenako n'kuyamba kusanza, kusokonezeka, kuiwala zimene zachitika kapena kuwodzera modabwitsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti kuche. Ovulala kwambiri m'mutu amatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre, ndipo kuchokera kumapiriko umenewo ndi ulendo wa maola angapo.

Mukayeza mutu, munditumizire nambalayo pamodzi ndi zithunzi za masitika zimene msuweni atumize, tiziwerengere limodzi asanalipire.