Madamu, ana athu timawalembetsa osawauza amene akumulembera

Madamu, mwati ana anu a Folomu 3 amadziwa kuti chimangirizo chimakhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndime amazigawa bwinobwino, koma mukamachonga mumapeza kuti onse alemba zofanana, zopanda mfundo yoti munthu n'kuimirira nayo. Mwafunsanso ngati za rhetoric, luso lokopa anthu ndi mawu, zomwe munamva ku koleji zili ndi ntchito m'kalasi, kapena zinali zongokhozera mayeso. Anzathu ena m'gulupu muno ayankha kale kuti ana a masiku ano sawerenga, mafoni awaononga. Mwina n'zoona pang'ono. Koma ine ndikuona kuti gwero lake lili pa ntchito imene timawapatsa ifeyo. Nditalikitsa, mundipirire.

Rhetoric mukuiphunzitsa kale, ngakhale simuitchula dzina. Kungoti imene inatifika ifeyo ndi yoduka mutu, ndipo mbiri ya mmene inadukira ndi imene ikuyankha funso lanu.

Ku Athens, zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, munthu akakhala ndi mlandu ankaima yekha pamaso pa oweruza n'kudziyankhulira. Luso lokopa anthu ndi mawu silinali la masewera, munthu ankatha kutaya munda chifukwa cholephera kuyankhula. Aristotle, amene anakhala moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe, anati rhetoric ndi luso lotha kuona, pa nkhani iliyonse, njira zimene zilipo zokopera omvera. Anatchula njira zitatu. Ethos, kuti omvera akukhulupirire chifukwa cha khalidwe limene ukuonetsa poyankhula. Pathos, kuti uwafike pamtima. Logos, kuti mfundo zako zikhale ndi umboni ndipo zilumikizane. Taonani kuti zonse zitatuzi sizingatheke popanda womvera. Sungafike pamtima pa munthu amene sukumudziwa.

Aroma atautenga mwambowu anaugawa m'magawo 5: kupeza zonena, kuzisanja, kusankha mawu, kuloweza, ndi kayankhulidwe pamaso pa anthu. Cicero analemba za zimenezi, ndipo Quintilian, mphunzitsi wa ku Rome, anamaliza mabuku 12 a kaphunzitsidwe ka woyankhula cha m'ma 95 Yesu atabadwa. Kwa iwowa gawo lalikulu linali loyambalo, kupeza zonena. Mwana ankaphunzitsidwa mafunso ofukulira nkhani: kodi chinachitikadi? Ngati chinachitika, tichitche chiyani, kuba kapena kubwereka? Nanga n'choipa motani? Chinayambitsa n'chiyani, zotsatira zake n'zotani, wotsutsana nane anena kuti chiyani?

Kenako m'zaka za m'ma 1500 kunabwera Mfalansa wina, Peter Ramus, amene anachotsa kupeza zonena ndi kuzisanja n'kuzipereka ku phunziro la kaganizidwe, rhetoric n'kuisiyira kukometsa mawu ndi kayankhulidwe basi. Patapita zaka, mu 1866, Alexander Bain wa ku Aberdeen ku Scotland anatulutsa buku lophunzitsira kulemba limene linatchukitsa kugawa zolemba m'mitundu, monga zofotokoza maonekedwe, zosimba nkhani, zolongosola ndi zokopa, komanso lamulo lakuti ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi yoonekera pa chiganizo chotsogolera. Kaphunzitsidwe ka mtundu umenewu kanazika mizu m'sukulu zophunzitsa m'Chingerezi, ndipo sukulu zathu, zimene zinayambika ndi amishoni ngati a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, zinakulira m'mwambo wa ku Britain womwewo. Mukamalemba pa bolodi mitundu ya zimangirizo ndi magawo ake atatu aja, dziwani kuti chokocho chikudutsa m'mapazi a anthu amenewa.

Sindikuti Bain analakwa. Ndime yosanjika bwino imamuthandiza wowerenga, ndipo mwana wosadziwa kuika mpumiro ndi mpatuliro amatopetsa. Vuto n'lakuti pa magawo 5 aja ife timaphunzitsa lachiwiri ndi lachitatu, timachonganso omwewo, loyamba lija timangoganiza kuti mwana abwera nalo kuchokera kunyumba. Tamupatsa nkhokwe yomangidwa bwino, chimanga choti aikemo sitinamuonetse kolima.

Tiyeni titenge mutu umene aliyense wa ife anaperekapo: "Kuipa kodula mitengo". Mwana akulembera ndani? Akulembera inu, Madamu, amene mukudziwa kale kuti kudula mitengo n'koipa, ndipo iyenso akudziwa kuti mukudziwa. Palibe woti amukope. Ndiye mwana wanzeru amachita chinthu chanzeru: amalemba zimene sizingamulakwitse. Mitengo imabweretsa mvula, imatipatsa mthunzi, imateteza nthaka, pomaliza tiyeni tonse tigwirane manja tibzale mitengo. Kalasi yonse ilemba zomwezo chifukwa funsolo lili ndi yankho limodzi lotetezeka. Umenewu si ulesi wa ana ayi.

Mu 1968 mphunzitsi wa ku America, Lloyd Bitzer, ananena kuti mawu okopa sabadwa okha, amabadwa pamene pali zinthu zitatu: vuto lofuna kuti wina ayankhulepo, anthu amene angathe kuchitapo kanthu akamva, ndi zomangira zimene zimaletsa kapena kulola zonenedwa. Mukaika zitatuzi pa mutu wa mitengo uja, umasanduka wina. Kuno ku Lilongwe tonse timawaona abambo okankha njinga zodzaza matumba a makala m'mamawa, ambiri akuchokera mbali ya Dzalanyama, nkhalango yomweyo kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene madzi ake timamwa kudzera ku Kamuzu Dam. Gawani kalasi patatu. Gulu loyamba lilembere bambo wa njinga uja. Lachiwiri lilembere mayi wa ku Chinsapo kapena ku Kawale amene amaphikira pa mbaula tsiku ndi tsiku. Lachitatu lilembere phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Muona zimene zichitike. Wolembera bambo wa makala akangoyamba ndi "mitengo imatipatsa mthunzi", anzake amuseka okha, chifukwa bamboyo ali ndi ana ofuna fizi, mthunzi sadya. Ayenera kuganiza: munthuyu akasiya makala adya chiyani? Ndingayankhule naye bwanji osamunyoza, ine mwana wamng'ono amene nsima yanga yaphikidwa ndi makala omwewo? Imeneyo ndi ethos, ndipo mwana waipeza osaloweza tanthauzo lake. Wolembera mayi uja akumana ndi funso la mtengo wa gasi ndi kuthimathima kwa magetsi, ndipo mwina afika pa mbaula zosadya makala ambiri. Wolembera phungu afunika umboni ndi lamulo, apa mungamuuze kuti dziko lino lili ndi lamulo la nkhalango la 1997, akafufuze zimene limanena. Mutu ndi womwewo, koma mfundo, kasanjidwe ngakhale mawu olonjerera zasiyana, ndipo simunawauze inu kuti zisiyane.

Pa zimangirizo za mtsutso pali chida china chimene ndimachikonda chifukwa n'chachifupi. Stephen Toulmin, Mngelezi, mu 1958 anaonetsa kuti mfundo iliyonse ili ndi chimene ukunena, umboni wake, ndi mlatho wolumikiza ziwirizo. Ana athu mlathowo ndi umene amaulumpha. Mwana alemba kuti "Boma liletse makala chifukwa mitengo ikutha ku Dzalanyama", n'kupita pa ndime ina. Mufunseni: ndiye mitengo ikatha, wa ku Area 25 zikumukhudza pati? Akayankha kuti nthaka ikokoloka, matope adzaza m'damu, madzi achepa m'mipopi, ndiye kuti wamanga mlatho, ndipo ndime yake yatalika ndi nzeru osati ndi mawu obwerezabwereza. Funso lakuti "ndiye zitani?" lolembedwa m'mbali mwa kope limagwira ntchito kuposa mizere yofiira yambirimbiri.

Tsono pali china chimene sitikonda kuvomereza. Ana amenewa rhetoric amaidziwa, anaimva asanalowe Sitandade 1. Anakhalapo pa chinkhoswe n'kumva ankhoswe akuyala nkhani mosamala kuti banja linalo lisakhumudwe. Anamva pa maliro mmene woyankhulira banja amayambira ndi kulemekeza mafumu, atsogoleri a mpingo ndi onse obwera, asanafike pa chimene chatsitsa dzaye. Amene anakulira kumudzi anaona pa bwalo la mfumu mmene munthu amabwezera mawu a mnzake kaye, kuonetsa kuti wamva, asanawatsutse. Ngakhale wogulitsa kaunjika ku Tsoka amasintha mawu akaona kuti wogula ndi mayi wachikulire osati mtsikana wa ku koleji. Koma mwana akalowa m'kalasi timachita ngati zonsezi si maphunziro, luso lenileni limayambira pa chiganizo chotsogolera.

N'chifukwa chake mwana akamazungulira pa chiyambi, osafika msanga pa mfundo, ndimachedwa kumulemba kuti "wasochera". Nthawi zambiri akuchita ulemu umene anaphunzira, wakuti munthu wamkulu sumamugwetsera nkhani pamaso. Robert Kaplan mu 1966 analemba kuti anthu a zikhalidwe zosiyana amasanja ndime mosiyana, ndipo anajambula Chingerezi ngati mzere wolunjika, zinenero zina ngati mizere yokhota kapena yozungulira. Ambiri anamutsutsa, ndipo ine ndili nawo limodzi, chifukwa anapeputsa nkhani n'kuchititsa ngati Chingerezi ndicho muyeso. Komabe anatsegula maso a aphunzitsi pa chinthu chimodzi choona: kulunjika ndi chizolowezi cha owerenga ena, osati chizindikiro cha nzeru. Choti timuuze mwana n'chakuti lipoti lopita kwa ahedi kapena kalata yofunsira ntchito imafuna mfundo pa mzere woyamba chifukwa wowerengayo ali ndi mulu wa mapepala, pamene mawu opepesa anamfedwa akalunjika chomwecho ndi mwano. Akamva chifukwa chake, lamulo aligwira yekha.

Za miyambi ndinenepo pang'ono, poti ana amakonda kuiwaza pa mathero kuti apate malikisi. Akale ankaigwiritsa ntchito yolemera kuposa pamenepo. Aphthonius wa ku Antioch, m'zaka za m'ma 300 Yesu atabadwa, anasanja ntchito 14 zokonzekeretsa ana kulemba ndi kuyankhula, ndipo zinagwiritsidwa ntchito m'sukulu za ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Yoyamba inali nthano, mwana aifupikitse kapena aitalikitse. Pasanapite patali pankabwera mwambi: aunene m'mawu ake, apereke chifukwa chake uli woona, aonetse zimene zimachitika kwa wosautsata, afanizire, apereke chitsanzo. Tengani "Safunsa anadya phula" muwadutsitse ana m'masitepe amenewa, kenako sabata inayo muwauze autsutse: ndi liti pamene kufunsafunsa kumamuchedwetsa munthu kapena kumuika m'manja mwa omunamiza? Ana amene amati alibe cholemba amadzaza tsamba, chifukwa zida zake ndi zakwawo.

Ndikudziwa chimene mukuganiza: zonsezi ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, silabasi ikuthamanga, MANEB ikudikira. Apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi amene amatamanda kwambiri njira ya ku America ya m'ma 1970. Janet Emig mu 1971 anafufuza mmene ana a kalasi yomaliza ya sekondale amalembera, ndipo Donald Murray mu 1972 analimbikitsa kuti tiziphunzitsa kulemba ngati ulendo wa kukonzekera, kulemba ndi kukonzanso, osangoyang'ana chotsirizidwa. Mfundoyo ndi yabwino, koma kukhala pansi ndi mwana aliyense payekha kukambirana zolemba zake, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ambiri sakulola zimenezo, ndipo sekondale za masana nazonso n'zodzaza. Chimene chimatheka ndi kubwereka makutu a anzawo. Asanagwire cholembera, akhale awiriawiri, wina akhale bambo wa makala, mnzake ayese kumukopa pakamwa kwa mphindi zochepa, wamakalayo aziyankha mokanika. Zimene wayankhazo ndi zimene ndime yachitatu ikayankhe. Sizifuna buku, sizifuna fotokope, ndipo phokoso lake ahedi akalimva muwaitane alowe.

Chiyambi, thunthu ndi mathero musazitaye, pa mayeso azifuna, ndiponso mafunso a kalata, lipoti ndi zoyankhula pagulu amakhala atatchula kale wolandira. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "ndikulembera ndani, ndikufuna achite chiyani" amawerenga funso lotere n'kudziwa pomwepo mawu oyenera ndi mfundo zoyamba nazo, pamene woloweza amangothira zimene analoweza.

Pochonga, yesani kugawa ntchito pawiri. Pa kulemba koyamba musagwire galamala n'komwe, ngakhale dzanja likuyabwa. Werengani ngati ndinu mayi wa mbaula uja kapena phungu uja, mulembe funso limodzi lokha pansi, limene munthuyo akanafunsa: "Gasiyo ndigula ndi chiyani?" kapena "Umboni wako uli kuti?" Mwana akalembenso poyankha funsolo, ndipo malikisi mupereke pa kulemba kwachiwiriko. Masipelo, mipumiro ndi kagawidwe ka ndime muzione pamenepo, poti pa nthawiyo ziganizo zina zolakwika zija amakhala atazichotsa kale yekha.