Kamzere chabe kamakopa bwanji wogula?

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti kamzere kokhota ka Nike, kopanda ndi liwu lomwe, kachititse munthu kulakalaka nsapato. Pakokha kamzereko kalibe tanthauzo. Pamene Carolyn Davidson ankakajambula mu 1971 kanali kamzere basi. Tanthauzo linabwera chifukwa kwa zaka zambiri kampaniyo yakhala ikukaonetsa pa matupi a akatswiri amasewera, monga Michael Jordan, ali thukuta kamukamu, akupambana. Maso athu atazolowera, ulemu wa katswiriyo unasamukira pa kamzereko, kenako pa nsapato. N'chifukwa chake makampani amathetsa mgwirizano msangamsanga katswiri akachita zochititsa manyazi: amadziwa kuti manyaziwo nawonso amasamuka.

Zizindikiro zina zimalankhula mobisa. Taonani kamuvi ka Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti: pansi pa dzina lake kamachokera pa chilembo a kukathera pa z, kutanthauza kuti chilichonse chilipo, komanso kamaoneka ngati pakamwa pomwetulira. Mawotchi ambiri otsatsidwa amaloza 10:10 kuti timivi take tisaphimbe dzina la kampani.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi tsamba lobiriwira pa botolo. Limatichititsa kuganiza kuti katunduyo sawononga chilengedwe, pomwe kampaniyo sinalonjeze chilichonse chimene mungadzaigwire nacho pakamwa.