Foni ya mwana yatigawanitsa m'banja

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Mufakose muno mu Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito kuno. Ndakhala pabanja zaka 17 ndi bambo amene amayendetsa thiraki pakati pa Harare ndi Johannesburg, moti pakhomo amapezekapo masiku anayi kapena asanu okha pa mwezi. Tili ndi ana atatu, ndipo woyamba ndi mnyamata wa zaka 15 amene ali Fomu 3.

Chaka chatha bambo ake anamugulira foni yapamwamba kuti azilankhulana naye pa WhatsApp akakhala pa ulendo, komanso kuti azilandirirapo ntchito ya kusukulu. Poyamba panalibe vuto, koma kenako mwanayu anayamba gemu yotchedwa Free Fire, imene amasewera ndi anzake pa intaneti. Kwathu kuno magetsi nthawi zambiri amayaka cha m'ma 10 koloko usiku n'kuzima m'bandakucha, ndiye nthawi imene ife tikugona ndi imene iye amatchaja foni n'kuyamba kusewera. Ine ndimadzuka 4 koloko kupita ku Mbare kukaoda tomato ndi masamba. Tsiku lina ndikudutsa ndinamva kunong'ona m'chipinda chake, ndipo nditalowa ndinamupeza atadzifunditsa bulangete mpaka kumutu, zomvera zili m'makutu, zala zikuthamanga pa galasi la foni, osadziwa n'komwe kuti ndaima pambali pake.

Lipoti la teremu yatha linandiliza. Masamu amene ankakhoza 71 wapeza 38, ndipo aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza kuti amasinza m'kalasi komanso homuweki salemba. Maso ake amakhala ofiira, mutu umamupweteka kawirikawiri, mpira umene ankaukonda anausiya, ndipo mwezi watha anatenga madola 12 m'foni mwanga n'kugulira zimene amati madayamondi a mu gemu. Nditamulanda foniyo anandiyankha mwamwano kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi chakuti bambo ake atabwera anamubwezera foniyo ine ndili pomwepo, n'kunena kuti ndine wankhanza, ndiponso kuti kuli bwino mwana azikhala m'nyumba kusiyana n'kukasuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro ndi anyamata a pakona. Koma ataona lipoti anatembenuka n'kumati ine ndalephera kulera. Apongozi anga akuti mwanayu walodzedwa ndipo atumizidwe kumudzi ku Malawi. Panopa ine ndi amuna anga tikungolankhulana za ndalama basi. Chaka chamawa mwanayu alemba mayeso a Fomu 4. Ndichite chiyani?

Mayi wosowa mtengo wogwira, Mufakose

Mayi,

Pepani ndi zimene mukudutsamo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo chimene chandigwira mtima ndi chakuti mumadzuka kusanache kukasenza madengu ku Mbare, mukulera nokha ana atatu kwa masiku opitirira 25 pa mwezi, koma mlandu ukabuka umagwera inu nokha. Zimenezo si chilungamo, ndipo ndibwereranso kwa bambo a kunyumba, chifukwa m'kuona kwanga vuto la mnyamatayu silingathe inu awiri musanagwirizane. Tiyambe ndi mwanayo.

Mwana wanu sanalodzedwe. Apongozi anu akulankhula chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndipo muwayankhe mwaulemu, koma zonse zimene mwafotokoza zili ndi chifukwa chooneka ndi maso. Madokotala a za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Ngati mnyamata wanu akugona 4 koloko n'kudzuka 6 koloko kukonzekera sukulu, ndiye kuti akupeza maola awiri okha. Ubongo umasunga bwino zimene munthu waphunzira masana pa nthawi imene ali m'tulo, choncho mwana wosagona angathe kukhala m'kalasi tsiku lonse, maso ali kwa mphunzitsi, koma madzulo n'kupezeka kuti palibe chimene chatsalira m'mutu. Kusinza, kupweteka kwa mutu, maso ofiira ngakhalenso kupsa mtima msanga kumene kunabala mwano uja, zonsezi zimayenda limodzi ndi kusowa tulo. Kuwala kwa foni usiku kumachedwetsanso thupi kutulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timabweretsa tulo, ndipo gemu yowomberana imasiya mtima ukuthamanga, moti ngakhale ataizimitsa, tulo sitibwera msanga.

Masamu ndi amene agwa kwambiri chifukwa ndi phunziro lomangidwa ngati khoma la njerwa: mwana akaphonya mzere wa pansi, wa pamwamba sukhazikika. Mu 2010 akatswiri awiri a ku America, Robert Weis ndi Brittany Cerankosky, anachita kafukufuku pa anyamata a zaka 6 mpaka 9. Ena anawapatsa makina osewerera magemu a PlayStation nthawi yomweyo, ena anawauza kuti adikire miyezi inayi. Miyeziyo itatha, amene analandira msanga anali atachepetsa nthawi yowerenga akaweruka kusukulu, ndipo pa kuwerenga ndi kulemba anatsalira poyerekeza ndi anzawo. Ana amenewo anali aang'ono kuposa wanu, koma phunziro lake ndi lomwelo: gemu inatenga maola amene akanapita ku mabuku. Nzeru za mwana wanu zikadalipo, zimene zamutayika ndi nthawi ndi tulo, ndipo zimenezi zimabwezeka.

Ndikuuzeninso chinthu chimene mwina simungakonde kumva muli ndi mkwiyo, chakuti magemu paokha si mdani. Kafukufuku wa Andrew Przybylski wa ku yunivesite ya Oxford, amene anatuluka mu 2014 ndipo anakhudza ana pafupifupi 5,000 a ku Britain a zaka 10 mpaka 15, anapeza kuti ana osewera nthawi yosakwana ola limodzi pa tsiku anali osangalala komanso ochezeka kuposa amene sankasewera n'komwe, pamene osewera maola opitirira atatu ndi amene anali ndi mavuto ambiri. Kwa mnyamata wanu, gemu imeneyi ndi bwalo limene amakumanapo ndi anzake, monga mmene ife tinkakumanirana pa masewera a pamwezi. Mukamulanda foni kotheratu, iye amaona ngati mwamuchotsa pagulu, ndipo adzapeza njira yobwereka ya mnzake kapena kupita kosewerera kolipiritsa, kumene maso anu safika.

Komabe muyenera kudziwa kuti magemu ambiri a pa foni anapangidwa mwadala kuti munthu asawasiye msanga. Amapereka mphoto kwa amene walowa tsiku lililonse, amaika anthu m'magulu moti mmodzi akachoka anzake amaluza n'kumudandaula, ndipo amagulitsa zovala ndi zida za mu gemu ndi ndalama zenizeni. Ena amagulitsa timabokosi timene wogula sadziwa chili m'kati mpaka atalipira, zimene dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti ndi juga. Mwana wa zaka 15 akulimbana ndi zinthu zokonzedwa ndi akuluakulu odziwa bwino maganizo a munthu, ndiye si zodabwitsa kuti payekha akulephera kudziletsa. Izi sizikuchotsa mlandu wa madola 12 aja. Kumeneko n'kuba, ndipo aziwabweza, kaya pokuthandizani pa benchi Loweruka kaya podulidwa ndalama ya m'thumba. Lero lomwe sinthani nambala yachinsinsi ya ndalama za m'foni mwanu, ndipo musamutumenso kukugulirani bandulo ndi foni yanu.

Tsopano kwa bambo a kunyumba. Mantha awo pa nkhani ya mutoriro ndi oona, ndipo aliyense wokhala m'makomboni a Harare waona mnyamata wabwinobwino akuwonongeka ndi mankhwala amenewa. Muwavomereze poyera kuti pamenepo akunena zoona, chifukwa munthu ukamuvomera pamene walondola, amatha kukumvera pamene walakwa. Ndipo analakwa ndithu pobweza foni pamaso pa mwana, chifukwa tsiku limenelo mnyamata anaphunzira kuti mawu a mayi ake amatha mphamvu thiraki ikangoima pakhomo. Ine ndikuganiza kuti bambowa ali ndi chisoni chimene sanakuuzeni. Amadziwa kuti mwana wawo akukula iwo ali pa mzere ku Beitbridge, pa malire a Zimbabwe ndi South Africa, ndipo foni ija ndi chingwe chokhacho chimene chimawalumikiza ndi iye. Pamene munailanda, iwo anamva ngati mwadula chingwe chawo. Pamene lipoti linafika, manyazi akuti mphatso yawo ndi imene yabweretsa zimenezi anawachititsa kufunafuna wina womuloza chala, ndipo amene anali pafupi ndi inu.

Nkhani imeneyi musaikambe pa WhatsApp, chifukwa mawu olemba amauma ndipo munthu amawawerenga ndi mkwiyo wake womwe. Dikirani abwere, adye, apume, ana agone, kenako muwaike lipoti patsogolo n'kuwauza kuti simukufuna kupeza wolakwa, mukufuna kuti mwana wanu adzapeze maphunziro asanu pa mayeso a Fomu 4 a O Level kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, popeza popanda zimenezo makomo ambiri a sukulu ndi ntchito m'dziko muno amatsekeka. Muwauzenso mosabisa kuti mawu akuti mwalephera kulera anakulasani. Musawameze mawu amenewo, chifukwa chilonda chobisika chimatukusira. Akakana kumva, itanani ankhoswe anu kapena mkulu wa ku mpingo amene nonse mumamulemekeza, koma musayambire kumeneko musanayese awiriwiri.

Mukagwirizana, lamulo lituluke pakamwa pa bambo ake inu mutakhala pambali pawo, ndipo mnyamatayo apatsidwe mpata wolankhula, chifukwa lamulo limene munthu waikapo mawu ake amalisunga kuposa longomugwera. Lamulo lalikulu likhale limodzi ili: foni sigona m'chipinda cha mwana. Pofika 9 koloko usiku aziipereka kwa inu, muziitchaja kuchipinda kwanu magetsi akayaka, ndipo aziitenga m'mawa. Akanena kuti amaigwiritsa ntchito podzuka, mugulireni kawotchi kolira. Za maola osewera mukambirane, koma ine ndingalangize kuti pakati pa sabata asewere homuweki ikatha ndipo isapitirire ola limodzi, pamene Loweruka ndi Lamlungu mungamuwonjezere. Dziko la China linafika poika lamulo mu 2021 lakuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma, zimene zikusonyeza kuti nkhawa yanu si ya mayi wa ku Mufakose yekha. Ngati foni yake ndi ya Android, pali pulogalamu yaulere ya Google yotchedwa Family Link imene imatseka foni ya mwana nthawi imene kholo laika. Bambo ake angathe kuiyendetsa ali ku Johannesburg, ndipo ndingakonde kuti ntchito imeneyi ikhale yawo, kuti mnyamata akafuna kudandaula azidandaulira iwo. Muwapemphenso kuti akamaimba madzulo azifunsa zimene mwana waphunzira tsiku limenelo, azimuuza atumize chithunzi cha homuweki, ndipo akabwera atengeko mphindi zingapo kukhala naye pansi kuti awaonetse gemuyo.

Masabata awiri oyamba adzakhala owawa. Adzakwiya, adzamenyetsa zitseko, adzakuuzani kuti anzake onse saletsedwa. Musabweze ndi ndodo, ndipo musaphwanye foni, koma musasunthenso. Malo amene gemu yasiya ayenera kudzazidwa ndi china, apo ayi adzangokhala n'kumaiganizira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 pa tsiku, ndipo inu muli ndi mwayi chifukwa mwana wanu ankakonda kale mpira. Mubwezereni ku bwalo, popeza thupi lotopa ndi kuthamanga limagona lokha. Pitaninso kwa aphunzitsi a masamu muwafunse mitu imene anaphonya kuti ayambire pamenepo. Za maso, akamasewera kapena kuwerenga pa foni azipumira mphindi 20 zilizonse n'kuyang'ana chinthu chakutali kwa kanthawi, ndipo mutu ukapitirira kupweteka atayamba kugona bwino, mupite naye kuchipatala akamuyeze maso.

Maganizo omutumiza kumudzi ndikuwakana. Kumuchotsa pa sukulu yotsatira silabasi ya ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zimbabwe, chaka chimodzi asanalembe mayeso n'kumupititsa ku Malawi, kumene silabasi ndi mayeso ake ndi ena, kungamubwezere m'mbuyo kwambiri, ndipo iye angaone ngati mwamutaya. Netiweki nayonso kumudzi inafika kale.

Pali malire amene muyenera kuwayang'anira. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza mndandanda watsopano wa matenda, ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo m'menemo muli vuto la kukodwa ndi magemu. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa china chilichonse, ndi kupitiriza ngakhale zinthu zikuwonongeka, ndipo nthawi zambiri madokotala amafuna kuona kuti zakhala choncho kwa miyezi 12. Bungwelo limanena kuti vutoli limagwira anthu ochepa mwa onse osewera, choncho musafulumire kumupatsa mwana wanu dzina la matenda. Koma mukaona kuti patha miyezi iwiri kapena itatu malamulo akutsatidwa koma iye akubabe ndalama, akujomba kusukulu, akudzipatula, kapena akulankhula zosonyeza kuti moyo wamukwana, musadikire. Pitani naye kuchipatala, kapena imbani ku Childline Zimbabwe pa nambala yaulere ya 116, kumene amalandira ana ndi makolo omwe. Nthawi zina mwana amabisala mu gemu chifukwa cha chinthu china chimene chikumudya, monga kuvutitsidwa kusukulu kapena kusowa bambo ake, ndiye tsiku lina muli awiri mukusankha tomato, mumufunse mofatsa chimene amachipeza mu gemu chimene sakuchipeza kwina, ndipo mumusiye amalize kulankhula.

Mundilemberenso lipoti la teremu ikubwerayi likatuluka, ndipo mundiuze mmene kukambirana ndi bambo a kunyumba kudzayendere.

Azakhali