Funsani Amalume: Mapulani anga amafera mu Febuluwale chaka chilichonse

Amalume,
Ndine bambo wa zaka 38, ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo, ndili pabanja ndipo ana alipo atatu. Chaka chilichonse pa 31 Disembala tikapita ku tchalitchi kokachezera ndimalemba mapulani anga pa kapepala, kumanga nyumba, kubwerera ku sukulu, kugula njinga yamoto ya kabaza, koma ikamafika Febuluwale kapepala kaja sindidziwanso komwe kali. Puloti ndinagula ku Njewa mu 2019 mpaka lero sindinaikepo ngakhale njerwa imodzi, moti anthu ena ayamba kudzalapo chimanga. Kodi ndine wolephera kapena pali pomwe ndikulakwitsa?
Wa lendi, Area 25

Mphwanga,
Wolephera ayi, munthu wolephera sakhala ndi puloti. Koma tsiku lomwe mumasankhalo ndiye ndakana. Pa 31 Disembala usiku, kwaya ikuyimba, thukuta lili kamukamu, aliyense akukuwa kuti chaka chino ndi changa, munthu ukhoza kulemba kuti ugula ndege ndipo mtima suguguda olo pang'ono. Kutacha mwalowa Januwale, mwezi womwe tonse timaudziwa, ndalama zinathera Khirisimasi, ana akufuna fizi ya temu yachiwiri, kumudzi akuyimba foni kuti feteleza wobereketsa sanathire ndipo ufa watha, landilodi naye waima pakhomo. Ndiye pulani yobadwa usiku umenewo ikhala bwanji ndi moyo? Kupemphera pitani mukapemphere ndithu, koma masamu musakachitire kumeneko.

Ine tsiku langa ndi Loweruka loyamba la Juni. Nthawi imeneyo anthu akolola, chimanga chatsikako mtengo, mafoni opempha ufa achepa, mvula yatha moti ngati pali zomanga mutha kuyamba mawa lake lomwe. Ndimadzuka m'mawa, foni ndimathimitsa, mayi akunyumba amafulula tiyi ndi mbatata, ana timawatumiza kwa azakhali awo, ndiye timakhala pa khonde ndi kope limodzi lachikuto cholimba lija, lakuda lokhala ndi kofiira m'mbali. Osati kapepala mphwanga. Kapepala amakulungira mandasi. Kope lathulo lathimbirira, tsamba lina linathiridwa tiyi mpaka inki inayenderera, koma likasowa m'nyumba muno simugonedwa.

Ndipo sitiyamba ndi maloto, timayamba ndi kuwerenga zomwe tinalemba chaka chatha, mokweza. Apa ndiye pamawawa. Chaka china ndinawerenga ndekha ndi pakamwa panga kuti "pofika Okutobala tikhala titafolera" pomwe nyumbayo inali ikadali pa windo, mayi anangoti hmm n'kumwa tiyi wawo. Koma titafufuza bwinobwino tinapeza kuti ndalama ya malata sinabedwe ndi munthu, inapita ku maliro awiri ndi chinkhoswe chimodzi komanso ngongole yomwe ndinabwereketsa mnzanga wina wa kuntchito yemwe mpaka lero akandiona amawoloka msewu. Kuyambira pamenepo za maliro ndi matenda zili ndi tsamba lakelake, chifukwa kwathu kuno chaka sichitha opanda zovuta ndipo kunamizira kuti sizibwera ndi kudzinamiza wekha.

Chinanso, ndipo ichi mugwiritsitse, musamalembe pulani yanu mu makwacha. Mukukumbuka Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndiye tisanapume n'komwe mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Munthu yemwe analemba kuti "ndisunga 2 miliyoni ya nyumba" anaisungadi mwina, koma atapita ku hadiweya anabwerako ndi katundu wochepa kuposa yemwe ankawerengera. Lembani zinthu zogwirika: chaka chino maziko, matumba a simenti akuti, mathiraki a mchenga akuti, mabuloko akuti. Malata mutha kumagula awiriawiri n'kumasunga kuseri kwa bedi, saola. Simenti yokha musaunjike nthawi yaitali chifukwa ikakoka chinyontho imauma n'kukhala mwala, muzigula mmisiri ali pafupi kuyamba.

Zinthu zitatu mwatchulazo, nyumba, sukulu, njinga, zonse ndi zabwino koma malipiro ndi amodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi chikhale kutsogolo, zinazo zilembeni pa tsamba la zaka zisanu zikubwerazi zizidikira nthawi yake. Nanga si boma lomwe, pulani ya chitukuko ya Malawi 2063 ija anakhazikitsa mu Januwale 2021, anachita kuidula n'kukhala ndi pulani ya zaka khumi zoyamba mpaka 2030, ndiye inu ndi ndani kuti mumeze zonse chaka chimodzi? Kaya iwowo akukwanitsa kaya ayi imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina kkkk.

Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi pulotiyo, mwezi uno womwe. Pitani mukaonekere, mukalankhule bwino ndi omwe akulimawo, muikemo mabikoni osonyeza malire ndipo muonetsetse kuti mapepala ake ali m'dzina lanu, chifukwa malo a m'mbali mwa Lilongwe kugulitsidwa kawiri si nkhani yachilendo. Pomwepo pa tsiku lanulo muzifunsanso sitetimenti ya penshoni. Lamulo limati inu muzidulidwa 5 peresenti abwana aziikapo 10 peresenti, koma alipo mabwana ena amadula osapereka, ndipo ambiri amadzazindikira tsitsi litayera kale.

Amalume,
Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinabwera ndi maganizo oti ndikhala zaka ziwiri basi, ndimange nyumba kwathu ku Mangochi ndibwerere. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi kwa achimwene anga koma ndikafunsa za nyumba amangoti zikuyenda. Ndatopa, ana anga akukula ine kulibe.
Mayi wa ana awiri, Joni

Mwana wanga,
Mawu oti zikuyenda alibe denga, simungagonemo. Sindikunena kuti achimwene anu akudya ndalama, mwina ikuthera zinthu zoona ndithu, mankhwala a amayi, yunifolomu ya ana anu omwewo, ndiwo. Koma pomwe ndalama ya nyumba ndi ya pakhomo zikuyenda mu envulopu imodzi, ya pakhomo imapambana nthawi zonse chifukwa njala siidikira. Zilekanitseni. Ya chakudya izipita kwa achimwene monga kale, ya nyumba izipita pokhapokha gawo lina likatha ndipo mwaliona ndi maso pa vidiyo ya WhatsApp, osati chithunzi, chithunzi munthu atha kujambula nyumba ya neba. Mmisiri muzilankhula naye nokha.

Ndiye musankhe tsiku limodzi pa chaka, kaya ndi tsiku lomwe munakwera basi kuchoka kwanu, mukhale pansi mudzifunse funso lomwe anzathu ambiri ku Joni amalizemba: ndibwerera liti, ndipo pakhale chiyani kuti ndinene kuti basi zakwana? Mulembe chaka chenicheni. Nyumba yokha sidyetsa munthu, ndiye pa tsamba lomwelo mulembenso chomwe muzikachita mukafika, kaya ndi geni ya usipa, kaya kasitolo, kaya mashini osokera. Achimwene akakwiya poyamba musadabwe, muwauze mwaulemu kuti mukufuna kuwapepukitsira katundu, ndipo ngati nkhani yakula itanani ankhoswe kapena amalume anu enieni akhalepo.

Amalume,
Ine ndimafuna tizikhala pansi ndi amuna anga kukambirana za kutsogolo koma iwo amati kupanga mapulani a zaka zisanu ndi kusowa chikhulupiriro, za mawa adziwa ndi Mulungu. Chonsecho ndalama zomwe ndimagawana ku banki m'khonde mu Disembala amafuna tidyere limodzi.
Mayi a mpingo, Ndirande

Mayi,
Aaa bambowo ndi ochenjera eti, za mawa adziwa ndi Mulungu koma za Disembala akuzidziwa iwowo. Poti ndi anthu a Mawu, musakangane nawo, atsegulireni Luka 14 vesi 28 pomwe Ambuye Yesu akufunsa kuti ndani angafune kumanga nsanja osayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Yosefe naye ku Iguputo anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu, sanangoti Mulungu adziwa. Kalata ya Yakobo imati tizinena kuti Ambuye akalola tidzachita chakuti, ndiye lembani mawu amenewo pamwamba pa tsamba, pansi pake mulembe fizi ya mwana wa Fomu 1.

Koma ndikukayika ngati nkhani ndi chikhulupiriro. Abambo ambiri timaopa kope chifukwa limaulula zomwe timalandira ndi komwe zimapita. Ndiye musayambe ndi kufunsa malipiro awo, yambani ndi zanu, muwaonetse kabuku kanu ka ku gulu kuti masheya anga ndi awa, ndikagawana ndikufuna theka lipite ku chakuti, inu mukuona bwanji? Muchite zimenezi mu Novembala ndalama isanafike m'manja, ana atagona, osati pamaso pa apongozi.