Kwa amayi a ku Santhe amene afunsa za nkhosa za ubweya ndi ulusi wonyika

Amayi, mwanena kuti muli ndi maekala awiri ku Santhe, mwakhala mukuonera pa YouTube azimayi akunja amene amaweta nkhosa, kuzimeta, kupota ulusi, kuunyika mu utoto n'kumagulitsa, ndiye mukufunsa kumene mungagule nkhosa ndi ndalama za fodya wa chaka chino. Ndaona ambiri akungokulimbikitsani kuti yambani basi. Ine ndimanyika ulusi ndi kuluka kuno ku Kasungu konkuno, cha ku Chamama, ndipo mawu anga ndi akuti ndalamazo musagulire nkhosa. Yambirani pa mphika wa utoto. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Nkhosa zathu zakuno, za mchira wamafuta zija, ndi za ndiwo. Ubweya wake ndi waufupi, wolimba, sungapoteke. Bambo wina m'gulu muno wakuuzani kuti mugule nkhosa za mtundu wa Dorper, koma Dorper anaipanga ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pofuna nyama, ndipo ubweya wake umathothoka wokha, wosakanikirana ndi cheya cholasa pakhungu. Zimene mukuona m'mavidiyomo ndi za mtundu wina, monga Merino, kapena nyama ina yaubweya yotchedwa alpaca ya kumapiri a ku Peru ndi Bolivia, kapena mbuzi za Angora zimene zimawetedwa kwambiri ku South Africa ndi ku Lesotho. Merino imodzi imapereka makilogalamu 4 kapena 5 pa chaka, ndipo mukachapa kuchotsa mafuta ndi litsiro, gawo lalikulu ndithu limapita ndi madzi. Tsono ganizirani nyama yovala chofunda chotere mu Januwale wa kuno, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku kenako dzuwa n'kuswa. Ubweya suuma, umayamba kuwola pamsana, ntchentche zimaikira mazira momwemo, mphutsi n'kumadya nyama ili moyo. Onjezanipo nkhupakupa zobisala mkati, njoka za m'mimba, ziboda zowola ndi matope. Ikapulumuka zonsezi, ikangodutsa m'munda mu Epulo ibwerako itadzaza chisoso thupi lonse, ndipo chisoso chikalowa mu ubweya mumachita kutola chimodzichimodzi ndi zala. Akalulu a Angora nawonso kutentha kwa Okutobala sakupirira. Sindikunena kuti n'zosatheka, koma kuweta ndi bizinesi ina, kunyika ndi bizinesi inanso, ndipo yoyambayo imadya ndalama zaka zingapo musanagulitse chipewa ngakhale chimodzi.

Nanga ulusi woti munyike muupeza kuti? Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ulusi umene timagula m'masitolo a pa boma n'kumati ndi wulu, wambiri ndi akiriliki, kunena kwake pulasitiki. Umenewu mungauphike ndi makoko a anyezi tsiku lonse, mukatsuka ubwerera mmene unalili. Musanagule wambiri, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi. Wa pulasitiki umasungunuka, umanunkha ngati jumbo yopsa, n'kusiya kanthu kakuda kolimba kumapeto. Wa thonje umayaka ngati pepala, phulusa lake lopepuka lotuwa. Wa nkhosa weniweni umanunkha tsitsi lopserera, moto umazima wokha, ndipo chotsalacho mukachifinya ndi zala chimanyenyeka. Machesi azikhala m'chikwama nthawi zonse.

Ubweya weniweni wa nkhosa ulipo wambiri m'dziko muno, koma uli pa kaunjika. Fufuzani majuzi oyera kapena otuwira, muwerenge kalebulo ka pakhosi kapena m'mbali: kakalembedwa 100% wool, lambswool kapena merino, imeneyo ndi yanu. Kenako itembenuzeni muone misoko. Ngati msoko wadulidwa n'kusokedwa ndi makina a ovaloko, isiyeni, chifukwa mzere uliwonse utuluka kachidutswa kakekake. Ngati zigawo zake zalumikizidwa ndi kaulusi kooneka ngati tcheni, m'mphepete mosadulidwa, mukangopeza nsonga n'kukoka, msoko wonse umatseguka, ndipo dzanja lonse la juzi limamasuka kukhala ulusi umodzi wautali. Muziukulunga pa miyendo iwiri ya mpando wotembenuza, mumange mkomberowo malo anayi mosathina kuti usapiringizike, muuviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, muuyanike pamthunzi. Makwinya onse amawongoka. Majuzi amenewa amatsika mtengo nyengo yotentha, anthu akamawadutsa osawayang'ana n'komwe, ndiye kugula kwake ndi Okutobala ndi Novembala.

Za thonje ndinene pang'ono, poti mwina mtima wanu uli pa kulima chinthu chanuchanu. Kupota thonje si zachilendo kwathu kuno. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ndi kuwomba nsalu zawo. Koma thonje limakonda kotentha, n'chifukwa chake limalimidwa kwambiri ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga. Kuno kumtunda limamera ndithu, kungoti limachedwa kuphulika kukayamba kuzizira. Mizere yochepa yophunzirira ndi yokwana. Funsani alangizi a zaulimi za mbewu yovomerezeka, chifukwa ulimi wa thonje uli ndi malamulo ake pansi pa Cotton Council of Malawi, ndipo mukakolola mitengo yake imayenera kuzulidwa ndi kutenthedwa kuti mbozi zisagonere chaka china. Dziwaninso kuti pa kilogalamu imodzi ya thonje lothyola kumunda, njere ndi zimene zimalemera. Loti mupote limatsala magalamu 350 mpaka 400 basi. Kuchotsa njerezo ndi manja, kupesa, kupota ndi kamtengo, zonsezi kuti mupeze magalamu 100 a chipewa chimodzi, ndi ntchito ya madzulo ambiri. Ine ulusi wopota ndekha ndimausungira zinthu zapadera za oda. Zogulitsa tsiku ndi tsiku ndimanyika ulusi wa thonje woyera wogula kale.

Tsopano ku mphika, kumene kuli nkhani yonse. Chimene chimasiyanitsa wonyika wodziwa ndi wongoyesa si kukongola kwa mtundu tsiku loyamba, koma ngati mtunduwo ukhalapobe shawelo ikachapidwa kakhumi n'kuyanikidwa pa dzuwa la kuno. Kasitomala mmodzi akabweza chipewa choti chathimbiriritsa malaya oyera a mwana wake, mpingo wonse umva Lamulungu lomwelo.

Thonje ndi ubweya sizifuna zofanana. Thonje limabwera ndi phula lake lachibadwa loletsa madzi kulowa, ndiye liyenera kuwiritsidwa ola limodzi kapena awiri ndi sopo ndi soda ash, ufa woyera wochapira. Madzi ake amatuluka achikasu ngati tiyi, ngakhale ulusi umaoneka woyera. Soda ash akasowa, tengani soda wophikira therere uja mumukazinge wouma m'chiwaya kwa kanthawi, amasanduka yemweyo. Chidulo nachonso chimagwira ntchito imeneyi. Koma ubweya wa nkhosa musauyandikize ku chidulo kapena soda, umauma n'kumathothoka. Iwo umafuna madzi owawasa pang'ono ndi viniga, moto wapansipansi wosafika pobwadamuka, ndiponso osautakasa. Mukautakasa ngati mukuvundula phala, kapena kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira, umamatana kukhala chigamba chimodzi choti simungachimasulenso. Usiyeni uzizire mumphika momwemo mpaka m'mawa.

Kuti utoto wa zomera ugwire pamafunika alamu, mwala woyera uja amagulitsa m'mafamase ena ndi m'masitolo a zokometsera ndiwo. Pa magalamu 100 a ubweya, alamu akhale magalamu 10 mpaka 15. Thonje lokha alamu saligwira bwino pokhapokha muyambe mwaliviika mu tanini, chinthu chija chimachititsa kuti tiyi wopanda mkaka asiye banga losachoka pa nsalu. Tanini ali m'masamba a tiyi ndi m'makungwa a bulugama. Ndiye dongosolo la thonje ndi ili: kuwiritsa, tanini, alamu, kenako utoto. Mukadumpha chimodzi mudzaonera pa chingwe choyanikira. Apa muona kuti sikelo yaing'ono ya manambala, yoyeza magalamu, ndi chida choyamba kugula. Zoyeza ndi maso zimabala mitundu iwiri yosiyana pa juzi imodzi.

Mitundu imene ine ndimaikhulupirira ndi yochepa. Makoko ouma a anyezi amapereka chikasu chopita ku olenji, ndipo amayi ogulitsa anyezi mumsika amakupatsani thumba lonse mukawapempha bwino. Nthanga ndi makoko a mapeyala amapereka pinki wofatsa, wokondedwa kwambiri pa zovala za makanda. Muzitsuke bwino, muzidule, muziphike pang'onopang'ono, mukawiritsa mwamphamvu mtundu umapita ku khofi. Masamba a bulugama pa ubweya amatulutsa kuyambira khaki mpaka kufiirira, kutengera mtengo wake. Maluwa a marigold, achikasu aja timadzala pakhomo, ndi odalirika. Mukafuna imvi kapena mtundu wa azitona, ikani misomali ya dzimbiri m'botolo la madzi ndi viniga kwa milungu iwiri, muthire timadontho mumphika kumapeto. Mtundu umasintha mukuona. Osachulutsa, chitsulo chimaumitsa ubweya n'kuufooketsa. Zimene ndingakuletseni ndi chidede, bitiruti ndi turmeric. Mumphika zimakongola mochititsa kaso, pa chithunzi cha pa Facebook ndiye osanena, koma pakangopita milungu yochepa zasuluka. Makungwa a mlombwa ndi mbawa anthu adzakuuzani kuti amafiira bwino, n'zoona, koma mtengo ukasendedwa kuzungulira umauma, ndipo mitengo imeneyi ndi yotetezedwa. Bulugama alipo wambiri wodulidwa kale ndi omanga zigafa.

Buluu wowala, wofiira wa magazi ndi wakuda bii, amene makasitomala ambiri akuno amafuna, zomera za pakhomo sizikupatsani mosavuta. Pamenepo palibe manyazi kugwiritsa ntchito utoto wa kufakitale. Wa thonje ndi wa mtundu wa reactive, umene umagwira ndi mchere ndi soda ash popanda moto. Wa ubweya ndi wa asidi, ndipo ngakhale kala wa makeke ndi viniga amagwira pa ubweya, koma pa thonje ayi. Chachikulu muzimuuza wogula zoona kuti uwu ndi wa anyezi, uwu ndi wa m'botolo. Mapoto onyikira asabwererenso kukhitchini, magolovesi muzivala, ndipo ana asasewere pafupi.

Madzi nawo ali ndi mbali yake. A pa mjigo wina amakhala ndi chitsulo kapena mchere, ndipo chikasu chimatuluka chakuda. A mvula ndiwo abwino, ndiye muzikinga m'migolo. Mtundu uliwonse watsopano muuyese musanagulitse: kulungani ulusi pa kakatoni, theka muphimbe, muike pawindo milungu iwiri, kenako mufananize. Wina muuchape pamodzi ndi kansalu koyera. Zonse muzilemba m'kope, kulemera kwa ulusi, kwa makoko, madzi a kuti, nthawi yaitali bwanji, n'kumata kachidutswa pambali pake. Wina akadzati ndikufuna ngati uja munamupangira mlamu wanga, kope ndi limene lidzakuyankhireni. Nkhuni zimadya phindu mwakachetechete. Nyengo yotentha muziika ulusi ndi utoto m'ndowa yakuda yovundikira, muisiye padzuwa masiku angapo, imadziphika yokha.

Msika wake uli ndi nyengo. Kuno ndalama zimayenda kuyambira Epulo fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumapeza anthu ali nazo m'thumba. Zipewa, masikafu ndi mashawelo ziyenera kukhala zitalukidwa kale pofika Meyi, kutanthauza kuti kunyika kumagwa nthawi yomweyo ya kupalira ndi kukolola. Konzekeranitu zimenezo. Kuchokera Seputembala zofunda siziyenda, mumadalira zikwama, zoyala patebulo ndi mphatso za pa bridal shower. Wogula wa kumudzi amayerekeza mtengo wanu ndi wa pa kaunjika, ndipo simungamutsutse. Amene amalipira ntchito ya manja ali ku Lilongwe, m'malo ogona alendo, ndi pa WhatsApp. Amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, inu n'kutumiza katundu pa basi. Chithunzi muzijambula pamthunzi masana, chifukwa foni imanamiza mtundu ndipo mkangano umayambira pomwepo. Wa oda azipereka theka poyamba. Achibale a "ndikupatsani mwezi ukatha" muwakonde, koma katundu asatuluke. Mtengo muziwerengera pa zimene mudzagulire ulusi ndi utoto ulendo wotsatira, osati zimene munagulira kale. Amene tinalipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa mmene zinthu zochokera kunja zinadumphira sabata imodzi. Katundu wosunga akhale m'mabigiri otseka bwino, poti njenjete zimadya ubweya ndipo makoswe amakonda thonje popanga zisa.

Za maekala awiri aja: m'malire dzalani bulugama wochepa kutali ndi mbewu, mapeyala awiri kapena atatu pafupi ndi nyumba, bedi la marigold, anyezi kudimba ngati muli nalo, ndi mizere ingapo ya thonje. Kotsalako pitirizani mtedza ndi soya monga kale, chifukwa chaka choyamba ulusi sungakugulireni feteleza. Mukapeza juzi yoyamba pa kaunjika, jambulani msoko wake mkati muponye m'gulu muno ndikuuzeni ngati ingamasuke.