Kufunafuna si kupeza: yankho kwa mchemwali wophunzira Chitchaina

Mchemwali wina wanditumizira imelo. Akuti waloweza mawu a Chitchaina ambirimbiri, koma akangolemba chiganizo chokhala ndi bǎ (kaliwu kamene kamachititsa kuti dzina la chinthu chochitiridwa ntchito libwere mneni asanatchulidwe), aphunzitsi amachikhwatcha. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Mchemwali, funso lanu landikumbutsa usiku wina wachisanu ku Wuhan, chaka changa choyamba cha sukulu. Ndinasokoneza kiyi wa chipinda. Mayi amene ankayang'anira nyumba yathu yogonamo anavala chijasi chawo, n'kutenga tochi, tinayamba kuunika pansi pa mipando ndi m'mbali mwa masitepe. Patapita nthawi ndinamupeza kiyiyo m'kathumba ka chikwama changa. Ndinawathamangira n'kunena kuti, "Wǒ zhǎo le!" Iwo anangogwedeza mutu, n'kupitiriza kuunika. Ndinabwerezanso. Anatukula maso ali chigwadire n'kundifunsa, "Zhǎodào le ma?" Ndinachita kuwaonetsa kiyiyo m'manja kuti adzuke. Mpaka lero zimandikhudza ndikakumbuka mayi wachikulire uja atagwada pa simenti yozizira chifukwa cha kaliwu kamodzi kamene ndinasiya.

Zhǎo ndi kufunafuna basi. Kupeza ndi zhǎodào. Ine ndinkawauza kuti ndafunafuna, ndipo iwo ankadziwa kale zimenezo. Kàn ndi kuyang'ana, kànjiàn ndi kuona. Tīng ndi kumvetsera, tīngdǒng ndi kumva n'kuzindikira. Aneni ambiri a Chitchaina amangotchula ntchito, salonjeza kuti yatheka. Zotsatira zake zimafuna liwu lina kumapeto.

N'chifukwa chake ndimadana nayo mindandanda ya mawu oloweza ija, ndipo sindibisa. Kabuku kanga kankaika liwu limodzi la Chingerezi pambali pa liwu lililonse la Chitchaina, ngati kuti mneni ndi njerwa yoti uiike paliponse. Ayi ndithu. Mneni aliyense amabwera ndi malamulo ake a amene akhale kutsogolo ndi amene akhale kumbuyo kwake. Jiànmiàn ndi kukumana, koma simunganene kuti jiànmiàn tā (tā ndi "iye"), chifukwa miàn, kutanthauza nkhope, wakhala kale pa malo a pamtherankhani. Mumati gēn tā jiànmiàn, "ndi iye kukumana". Mndandanda sukuuzani zimenezo, umangokunamizani kuti mukupita patsogolo.

Ndipo ife olankhula Chichewa timadzimana tokha tikamadzera m'Chingerezi. Pali chiganizo chimene akatswiri a galamala ku China akhala akukangana nacho kuyambira m'zaka za m'ma 1950: Wáng Miǎn sǐ le fùqīn. Liwu ndi liwu chikuti "Wang Mian anafa bambo". M'kalasi mwathu anzathu a ku Ulaya anazunguzika: wamwalira ndani, mwana kapena bambo? Ine ndinamva nthawi yomweyo kuti mnyamatayu anaferedwa. Ifa, fera, feredwa. Ife timakoka mneni kuti anyamule chisonicho, Atchaina mneni samusintha, amangosuntha malo a mayina. Tsiku limenelo ndinayamba kulemba manotsi anga m'Chichewa.

Nanga bǎ uja?

Katswiri wa chinenero Wang Li, m'zaka za m'ma 1940, anatcha kamangidwe kameneka chǔzhìshì, kutanthauza kuti pali chinthu chimene wachita nacho kanthu. Chinthucho chikhale chodziwika kwa nonse awiri, ndipo chisinthe, chisunthe kapena chithe. Wǒ bǎ fàn chī wán le: chakudya chija ndachimaliza. Wǒ bǎ yàoshi diū le: kiyi uja ndamutaya. Koma zhīdào, xǐhuan ndi yǒu, kudziwa, kukonda ndi kukhala nacho, sayenda ndi bǎ, poti kudziwa chinthu sikuchisintha. Komanso mneni asaime yekhayekha kumapeto.

Tengani ziganizo zanu zokhwatchidwazo, pa chilichonse mudzifunse kuti chinthucho chaona zotani. Ngati palibe yankho, chotsani bǎ. Ngati lilipo koma simunalilembe, wonjezerani wán (kumaliza), dào (kufika) kapena hǎo (bwino) pambuyo pa mneni. Munditumizire zitatu tizione limodzi.